Phunziro la Mbiri: Tsiku la 3 February

Pa kalendala ya boma, 3 February ndi tsiku wamba, koma ife a ku Chitakale sitiyenera kulidumpha. Pa tsikuli mu 1915, m'boma lathu lino la Mulanje, apolisi a atsamunda anawombera ndi kupha Mbusa John Chilembwe pamene ankathawira ku Mozambique. Panali patangopita masiku 11 chiyambireni kuukira kwake ku Chiradzulu, kokana thangata ndi kutumiza anthu akuda ku nkhondo ya azungu. Anamuika m'manda opanda chizindikiro, ndipo dziko limamukumbukira pa 15 January, osati pa tsiku limene anafera kwathu kuno. N'zachisoni kuti ana athu ambiri sadziwa zimenezi.

Abale athu a ku Milange, kutsidya kwa Muloza, amapuma pa tsikuli pokumbukira Eduardo Mondlane, mtsogoleri wa FRELIMO, amene anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam mu 1969.

Pa 3 February 2020, oweruza asanu ku Lilongwe anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019, atapeza kuti mapepala ambiri a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex. Analamula kuti chisankho chibwerezedwe pasanathe masiku 150, ndipo tinakavotanso pa 23 June.