Musanalipire Puloti Kapena Nyumba: Mafunso ndi Mayankho

Ndalipira ndalama zonse, tasayinirana pepala pamaso pa mboni, makiyi ndili nawo. Kodi nyumbayo si yanga basi?

Sinakhale yanu kotheratu. Pepalalo ndi umboni woti mudagwirizana ndipo mudalipira, ndipo lingakuthandizeni kukhoti. Koma pa malo olembetsedwa motsatira lamulo la Registered Land Act, mwini wake ndi amene dzina lake lili mu kaundula ku Land Registry. Dzina la wogulitsa likadali m'menemo, iye angathe kukatengera ngongole kubanki nyumbayo ili chikole, kapena kuigulitsanso kwa wina amene adzathamangire kukalembetsa. Akamwalira, mudzalimbana ndi ana ake amene mwina sakukudziwani n'komwe. Ntchito yochotsa dzina lake ndi kulowetsapo lanu ndi imene maloya amaitcha conveyancing, ndipo kugula kumatha tsiku limene ntchito imeneyi yatha.

Ndiye ndiyambire pati?

Yambani ndi search, ndalama zikadali m'thumba mwanu. Pemphani wogulitsa nambala ya title, mupite nayo ku Land Registry ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, malinga ndi kumene kuli malowo. Mukalipira kandalama kochepa adzakupatsani chikalata chosonyeza zimene zili mu kaundula. Malo amene sali pansi pa lamulo lija amafufuzidwa ku Deeds Registry.

Chikalatacho muchiwerenge modekha. Ikani chiphaso cha unzika cha wogulitsa pambali pake, muyerekeze maina chilembo ndi chilembo. Ngati mu kaundula muli maina awiri, onse awiri ayenera kusayina. Onani kukula kwa malo, ndiponso chaka chimene lizi idayamba. Kenako tsikani m'munsi, pamene pamalembedwa zomangirira malowo. Mukapeza mawu oti charge, ndiye kuti malowo ndi chikole cha ngongole. Mukapeza caution, pali munthu amene adakanena kuti malowo akumukhudza, ndipo sangasinthidwe dzina nkhani yakeyo isanathe. Wogulitsa amene akuzengereza kupereka nambala ya title, n'kumangokukakamizani kuti "perekani kaye theka poti ena akufunanso", musiyeni. Safunsa adadya phula.

Mapepala akakhala bwino, pitani pamalopo ndi saveya wovomerezeka akakuonetseni mabikoni onse, mapu a pulotiyo ali m'manja. Mpanda wa njerwa si malire. Anthu amamanga molowerera. Chezaninso ndi oyandikana nawo, chifukwa iwo amadziwa ngati padabwerapo ena kudzathira mchenga chaka chatha. Kukhonsolo funsani ngati pulotiyo siili m'malire a msewu, pansi pa nthambo zikuluzikulu za ESCOM, kapena m'dambo moletsedwa kumanga.

Akuti malowo ndi a lizi ya zaka 99. Ndikugula chiyani kwenikweni?

Mukugula zaka zimene zatsala. Ngati lizi idayamba mu 1985, sikuti iyambiranso chifukwa mwabwera inu. Mwini nthaka amakhalabe boma kudzera ku Unduna wa za Malo, kapena Malawi Housing Corporation, kapena khonsolo ya mzinda, ndipo kwa iye mudzalipira ground rent chaka ndi chaka. Iyeyo ayeneranso kupereka chilolezo cholembedwa kuti lizi isamukire kwa inu. Popanda chilolezocho kaundula sasintha.

Malamulo a malo a mu 2016 adakonzedwanso mu 2022, ndipo adakhwimitsa zinthu pa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za Malawi, ndiponso pa kugulitsa malo a lizi amene sanatukulidwe. Choncho ngati mukugula puloti yopanda kanthu, loya aone kaye ngati wogulitsayo akuloledwa kuigulitsa.

Dobadoba wina akuti andiyendetsera zonse motchipa. Loya ndi wofunikiradi?

Ndi wofunika, ndipo akhale wanuwanu, osati amene wakupezerani wogulitsa. Dobadoba amapeza yake malo akagulitsidwa. Kaya malowo ali ndi mlandu, iye zake zatheka. Zikavuta foni yake sipezekanso. Loya ali ndi chiphaso chimene angalandidwe, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya ololedwa kugwira ntchito chaka chimenecho. Onani ngati dzina lake lilipo.

Phindu lalikulu la loya lagona pa kasungidwe ka ndalama. Wogula amaopa kulipira asanalandire mapepala, wogulitsa amaopa kusayina asanalandire ndalama. Loya amasunga ndalamazo mu akaunti ya makasitomala, n'kuzitulutsa pamene zimene mudagwirizana zakwaniritsidwa. Ngati pali ngongole ya banki, amayamba walipira bankiyo kuti ichotse charge, zotsala n'kupereka kwa wogulitsa. Ine ndimalangiza kuti ngakhale ndalama yoyambira idutse njira yomweyi, osati kuwerengerana m'galimoto kunja kwa sitolo.

Kupatula mtengo wa nyumba, ndikonzekere zolipira ziti?

Pali stamp duty, msonkho wa pa chikalata chosamutsira umwini, umene kawirikawiri amalipira wogula. Nthawi ina udatsitsidwa kuchoka pa 3 peresenti kufika pa 1.5 peresenti ya mtengo wa malo, koma poti misonkho imasintha ndi bajeti, loya akuuzeni mlingo wa nthawi imene mukugula. Palinso ndalama yolembetsera, ya saveya ndi ya loya. Wogulitsa ayenera kutenga tax clearance ku MRA, ndi kumaliza ngongole za ground rent, ma city rates ndi bilu ya madzi. Mumgwirizano mulembedwe momveka kuti wolipira chakuti ndi yani.

Ena amanyengererana kulemba mtengo wochepa kuti msonkho utsike. Umenewu ndi mlandu, komanso mukudzipweteka nokha: malonda akasokonekera, ndalama imene mudzaitanitse mosavuta kukhoti ndi yolembedwa papepalayo.

Mwini nyumba adamwalira, akugulitsa ndi mwana wake woyamba. Pali vuto?

Pamenepa samalani koposa. Kukhala mwana woyamba, kapena mwinimbumba, sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa chuma cha masiye. Lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la mu 2011 limafuna kuti wogwira chumacho akhale ndi chikalata cha kukhoti: probate ngati malemu adasiya wilo, kapena letters of administration ngati sadasiye. Nthawi zina chumacho chimakhala m'manja mwa Administrator General. Onani chikalatacho ndi maso anu, ndipo funsani za mayi wamasiye ndi ana aang'ono. Lamulo lomweli limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Musalole kuti ndalama zanu zikhale chida chotulutsira ana m'nyumba ya bambo awo.

Nanga malo a kumudzi, amfumu atadinda sitampa yawo?

Sitampa ya amfumu si title deed. Malo a makolo nthawi zambiri amakhala a banja lonse, ndipo amene wakulozerani malire angakhale mmodzi chabe mwa eni ake. Customary Land Act ya mu 2016 idakhazikitsa makomiti a malo pansi pa agulupu, momwe mumakhala anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi ali momwemo, kuti munthu athe kulembetsa malo ake n'kulandira satifiketi. Lamuloli limaikanso malire pa kugulitsa malo otere kwa anthu akunja kwa banja. Musanapereke kanthu, khalani pansi ndi akubanja onse, amalume ndi alongo omwe, ndipo mukafunse ku ofesi ya za malo kwa DC.

Amuna anga akufuna kugulitsa nyumba imene tidamanga limodzi, koma ili m'dzina lawo lokha. Ndingatani?

Musadikire kuti wogula afike pakhomo. Pitani kwa loya, kapena ku Legal Aid Bureau ngati ndalama palibe, mukapemphe kuika caution pa title ya nyumbayo. Tengani chilichonse chosonyeza kuti mudaikapo dzanja: malisiti a simenti ndi malata, mapepala a ngongole ya kuntchito kapena ya banki m'khonde, maina a amisiri amene mudawalipira. Caution ikalowa mu kaundula, nyumbayo singasinthidwe dzina mwakachetechete, ndipo wofuna kuichotsa ayenera kudutsa kwa Registrar kapena kukhoti, kumene inunso mudzapatsidwe mpata wolankhula.