Buku la pa Tebulo la Dokotala

Odwala ambiri amadabwa akaona dokotala kapena namwino akutsegula buku asanalembe mankhwala. Ena amanong'onezana pa benchi kuti mwina sukulu yake sanaimalize. Maganizo otere ngolakwika. Matenda ndi ambiri, ndipo palibe munthu angasunge pamtima milingo ya mankhwala onse. Safunsa anadya phula. Komabe si buku lililonse loyenera kukhala pa tebulo la chipatala. Buku lodalirika liyenera kukhala ndi zinthu zitatu izi.

1. Mwini wake adziwike. Malangizo a kachiritsidwe ka matenda m'zipatala za boma amachokera ku Unduna wa Zaumoyo, akatswiri atawaunika pamodzi ndi uphungu wa bungwe la WHO. Pepala lopanda dzina la wolemba, kapena longotamanda malonda a munthu, siliyenera kutsatidwa.

2. Chaka chake chilembedwe. Mfundo iyi ndi yaikulu, pakuti tizilombo ta matenda timazolowera mankhwala. Kale malungo ankachizidwa ndi chloroquine. Mankhwalawa atasiya kugwira ntchito, m'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya ndi kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar anachepa mphamvu, kotero mu 2007 boma linakhazikitsa LA. Motero buku limene linali loona mu 1990 lingaphetse mwana lero, ngakhale masamba ake ali osang'ambika.

3. Milingo yake imveke bwino. Mawu akuti "mapiritsi pang'ono" sathandiza wina aliyense. Buku labwino linena mosabisa kuti LA amwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndi kuti mlingo utsata kulemera kwa thupi: mwana wa makilogalamu 10 amwa piritsi 1 nthawi iliyonse, pamene wamkulu wopitirira makilogalamu 35 amwa 4. Ndicho chifukwa chake mwana amaikidwa pa sikelo asanalandire mankhwala.

Tsono inu amayi ndi abambo, mukaona dokotala akuwerenga, dekhani. Akusamala moyo wanu. Musaumirire mankhwala amene munachira nawo kalekale, ndiponso musagawire mwana mapiritsi olembedwera munthu wamkulu. Musanatuluke m'chipinda, funsani kuti mankhwalawo amwedwa angati, kangati pa tsiku, ndi kwa masiku angati. Kenaka bwerezani yankho lake pamaso pa dokotalayo, kuti ngati simunamve bwino akukonzeni musanafike kunyumba.