Bawuti Ikakanirira mu Bushi ya Shoko: Mayankho a Makalata a Omvera

Makalata ambiri amene afika ku pulogalamu ya zagalimoto sabata ino akukhudza ntchito yosintha mashoko akumbuyo, ntchito imene ambiri amaiyesa yopepuka chifukwa pa galimoto zing'onozing'ono zambiri shoko imagwidwa ndi bawuti imodzi kumunsi ndi manati ochepa kumtunda, koma imene imatha kudya tsiku lathunthu bawuti ya kumunsiyo ikakanirira. Katswiri wa pulogalamuyi wasankhapo makalata atatu.

Funso: Bambo wina wa ku Dedza, mwini wake wa Toyota Vitz imene inabwera kuchokera ku Japan itayendapo kale, alemba kuti nati yamasuka bwinobwino koma bawuti ikukana kusololoka, ndipo akaipotoza ndi sipanala imasuntha pang'ono kenako n'kubwerera pomwe inali. Akufunsa chimene chaigwira.

Yankho: Kubwerera kwa bawutiko ndi kumene kukuulula vuto. Bushi ndi labala yolimba imene imakhala m'diso la shoko, kutanthauza mphete yachitsulo ya kumapeto kwa shokoyo, ndipo ntchito yake ndi kumeza kunjenjemera kuti zitsulo zisamagundane. Pakati pa labalayo pali kapaipi kachitsulo kamene bawuti imadutsamo. Madzi ndi matope zikalowa m'kampata ka pakati pa bawuti ndi kapaipiko, dzimbiri limayamba, ndipo popeza dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene lachokerako, limadzaza kampatako mpaka ziwirizo zimasanduka ngati chitsulo chimodzi. Choncho munthu akapotoza bawuti, chimene chikupotoka kwenikweni ndi labala, ndipo mphamvu yake yonse ikuthera mmenemo. Zimenezi zimachuluka pa galimoto zimene zinayenda kumadera ozizira a ku Japan kapena ku Britain, kumene amathira mchere pamsewu pofuna kusungunula chipale chofewa, ndipo matope a nyengo ya dzinja kuno amangopitiriza ntchito imene mcherewo unayamba.

Asanaimbe mlandu dzimbiri, bamboyu ayenera kutsimikiza kuti bawutiyo sikupanikizidwa ndi kulemera. Galimoto ikhale pa masitandi achitsulo, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa, matayala akutsogolo atatsekeredwa. Kenako jeke iikidwe pansi pa mtanda wachitsulo umene umalumikiza matayala akumbuyo n'kuukweza pang'onopang'ono. Pa galimoto ngati Vitz, shoko ndi imene imaletsa mtandawo kutsika mopitirira, ndiye sipuling'i ikaukankhira pansi, bawuti imapanika ngakhale ilibe dzimbiri n'komwe. Jekeyo imatetezanso kuti mtanda usagwe mwadzidzidzi ndi kukoka mapaipi a mabuleki bawuti ikatuluka.

Ikakanabe, malowo apalidwe ndi bulashi ya waya, athiridwe mafuta olowerera m'dzimbiri mbali zonse ziwiri, ndipo asiyidwe usiku wonse. Mawa lake bawuti ipotozedwe uku ndi uku, kumanga ndi kumasula, pamene wina akuigogoda ndi hamala. Apa pali chinthu chimene ambiri amalakwitsa: nati iyenera kubwezeredwa mpaka ifanane ndi nsonga ya bawuti, ndipo hamala igunde pamenepo, chifukwa nsonga yomenyedwa yokha imaphwanthika n'kutambalala ngati bowa, ndipo ikatero singadutsenso m'bowo lililonse. Kumenya mwaukali kumapindanso makutu awiri achitsulo amene shoko imakhala pakati pake, ndipo makutuwo ndi owotchereredwa ku mtanda, kotero kuti kuwonongeka kwake n'kodula kwambiri kuposa bawuti.

Chigamulo cha katswiri n'chakuti bawuti imene yakana pambuyo pa zonsezi siyeneranso kupulumutsidwa. Idulidwe ndi sowo yodulira zitsulo kawiri, m'kampata ka pakati pa khutu ndi bushi mbali iyi ndi mbali inayo, kuti shoko ituluke pamodzi ndi chidutswa chogwidwa ndi dzimbiricho, makutu ali bwinobwino. Ntchitoyi imatopetsa mkono chifukwa bawuti ndi yolimba ndipo malo ndi opanikizika, koma shoko yakaleyo ndi yotayidwa kale ndipo yatsopano imabwera ndi bushi yakeyake.

Funso: Mnyamata wina amene akuphunzira umakaniko pa galaja ina ku Mzuzu akufunsa ngati n'koyenera kuwotcha bushi ndi moto wa gasi, monga amaonera anzake akuchitira.

Yankho: Shoko ikadali pomwepo, moto usayandikire. M'kati mwa shoko muli mafuta, ndipo zambiri za masiku ano zilinso ndi mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa, moti ikatenthedwa imatha kuphulika pamaso pa munthu amene wawerama pafupi nayo. Komanso kumbuyo kwa galimoto ndi kumene kuli thanki ya petulo, paipi yothirira mafuta ndi mapaipi a mabuleki, ndipo utsi wa labala yoyaka umawononga m'chifuwa. Kutentha kumathandizadi kuswa dzimbiri chifukwa chitsulo chimafutukuka, koma malo ake ndi pa chitsulo chimene chachotsedwa kale pa galimoto. Pa galimoto zimene shoko yake imavala pa kachitsulo kotulukira m'malo mwa bawuti yodutsa, kawirikawiri shoko imazuka n'kusiya kapaipi ka bushi katakakamira pamenepo. Kameneko kachekedwe mosamala m'litali mwake, katsegulidwe ndi tchizulo, kenako kapotozedwe ndi sipanala ya mapaipi. Mphunzitsi amene amapatsa wophunzira moto asanamuphunzitse zimenezi akuika moyo wa mwana wa eni pachiswe.

Funso: Mayi wina wa ku Zomba alemba kuti anasinthitsa mashoko miyezi ingapo yapitayo, koma kumbuyo kwayambanso kugogoda, ndipo makaniko wawauza kuti mabushi ang'ambika kale.

Yankho: Chifukwa chimene chimapezeka kawirikawiri n'chakuti mabawuti anamangidwa kotheratu galimoto ili m'mwamba, matayala akulendewera. Labala ya bushi yotere sizungulira pa kapaipi kake, koma imapotoka pang'ono galimoto ikamakwera ndi kutsika. Ikamangidwa matayala akulendewera, imakhala yopotoka kale galimoto ikangotsitsidwa pansi, ndipo bampu iliyonse imaipotoza mopitirira muyezo mpaka ing'ambike. Bawuti ya kumunsi iyenera kumangidwa komaliza kulemera kwa galimoto kuli pa matayala, pa mphamvu imene buku la galimotoyo limanena. Mayiyu afunsenso ngati mabushiwo anapakidwa girizi wamba kapena oyilo, zimene zimafewetsa labala ndi kuiwononga. Polowetsa bushi yothina, madzi a sopo ndi okwanira. Mabushi osemedwa ku matayala akale, amene amagulitsidwa motchipa m'misika, amathandiza munthu kufika kunyumba, koma sakhala ndi muyezo weniweni wa diso la shoko ndipo sachedwa kugwedera.

Pobwezeretsa zonse pa ntchito ngati ya bambo wa ku Dedza uja, bawuti yodulidwa ilowedwe m'malo ndi ina ya kulimba kofanana, kumene pa mabawuti ambiri kumalembedwa pamutu ndi manambala monga 8.8 kapena 10.9, osati iliyonse yopezeka m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Thunthu lake losalala, limene limakhala m'kapaipi, lipakidwe pang'ono girizi ya kopa yoletsa zitsulo kugwirana, mosamala kuti isafike pa labala. Mashoko asinthidwe onse awiri nthawi imodzi, chifukwa yatsopano mbali imodzi ndi yotopa mbali inayo zimachititsa galimoto kupendama pokhota ndi pogwira mabuleki mwadzidzidzi.