Phunziro: Mmene nkhuku ya m'madzi imalerera ana ake

Nkhuku ya m'madzi ndi mbalame ya m'madambo. Kuno kwathu imapezeka ku Nyanja ya Chilwa ndi ku dambo la Elephant Marsh, m'chigwa cha Shire. Nthenga zake ndi zakuda. Mlomo wake ndi wofiira, koma kunsonga ndi wachikasu. Ili ndi zala zazitali, n'chifukwa chake imayenda pa zomera zoyandama osamira.

Kumanga chisa

Yaimuna ndi yaikazi zimathandizana kumanga chisa. Zimatola masamba a bango ndi njedza n'kuwaluka ngati kadengu. Chisacho chimakhala pobisika, pamwamba pang'ono pa madzi. Madzi akayamba kukwera, mbalamezi zimaunjika masamba ena kuti chisa chikwere, mazira asanyowe.

Mazira ndi anapiye

Yaikazi imaikira dzira limodzi pa tsiku. Kawirikawiri mazira amakhala 5 mpaka 8. Makolo onse awiri amafungatira mosinthana kwa masabata atatu. Anapiye amaswa ali ndi ubweya wakuda, ndipo pakangopita masiku ochepa amayamba kusambira. Makolo amawapatsira pakamwa tizilombo ndi timasamba tanthete. Akatha masabata 6 kapena 7, amayamba kuuluka.

Chakudya chikachuluka, makolo amaswanso kachiwiri m'nyengo yomweyo. Apa ana oyamba aja sachoka msanga. Ena amatsalira n'kumathandiza kudyetsa ang'ono awo. Si mbalame zambiri zimene zimachita zimenezi.

Adani ake

Adani a mbalameyi ali paliponse. Ng'azi, njoka, makoswe ndi akhwangwala amadya mazira. Kabawi amawakha anapiye kuchokera m'mwamba. M'madzi namo katumbu ndi milamba ikuluikulu imagwira anapiye posambira. Kholo likaona mdani limalira mokweza, ndipo anapiye amathawira m'bango. Ngakhale zili choncho, anapiye ambiri amafa asanakule. Mtundu wake umapitirira chifukwa choikira mazira ambiri ndi kuswa kangapo.

Bango ndi njedza ndiwo chitetezo chachikulu cha mbalameyi. Tikatentha dambo, chisa chimapsa ndipo anapiye amasowa pobisala. Tikatchera makolo pa nthawi yofungatira, mazira onse amaonongeka.

Mafunso

1. Kodi nkhuku ya m'madzi imamanga chisa ndi chiyani?
2. Imatani madzi akayamba kukwera?
3. Tchulani adani atatu a mazira ake.
4. Kambiranani: kwanuko mbalamezi zimaswa miyezi iti?

Kumbukirani

Mabanja ambiri a m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa amapeza ndiwo ndi ndalama kuchokera ku mbalame za m'madzi, makamaka nsomba zikasowa. Kuti mbalamezi zisathe, tisamatole mazira, tisamatchere misampha pa nyengo yoswa, ndipo tisamatenthe bango. Kambiranani ndi amfumu ndi alenje anzanu kuti mupatule malo amene mbalame zingaswere mosasokonezedwa.