ZA NDIWO NDI ZIPATSO ZA KUTHENGO

Inu eni mabanja, mudziwa kuti pofika nyengo ya dzinja, nkhokwe zitapepuka, akazi ndi ana amuka kuthengo kukafuna cakudya. Kutero nkwabwino, pakuti Mulungu anaika zakudya zambiri pamene munthu sanabzalepo. Bonongwe, luni, cisoso ndi denje zilimbitsa mwazi. Masuku, maula, matowo ndi malambe zikhutitsa ana. Koma m'thengo momwemo muli zakupha, ndipo zina zifanana ndithu ndi zakudya. Pa njala ya 1949, ndi pa ya 2002, anthu anakumba mizu yosaidziwa bwino, ndipo ena anafa nayo. Cifukwa cace sungani malangizo awa, nimuwaphunzitse a m'nyumba mwanu.

1. Phunzirani pokhala muli okhuta. Munthu wanjala safunsa. Tumani ana anu apite ndi agogo ao akazi tsopano lino, kuti aone comeraco ndi maso ao, tsamba lace, duwa lace, ndi malo amene cimera. Ayambe ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha, kufikira ataizolowera.

2. Cimene simucidziwa dzina, musadye. Musanene kuti, Mbuzi yadya, mbalame yajompha, tsono ncabwino. Mimba ya mbuzi siri ngati ya munthu. Kulawa sikuthandizanso, pakuti ululu wina suwawa m'kamwa.

3. Dziwani mbali yodyedwa. Masamba a mnadzi ndiwo ndiwo, koma tizipatso tace tatiwisi musapatse ana. Mateme adyedwa atapsa, ndipo nthanga zace muzilabvula, osatafuna. Nsatsi ndi za mafuta odzola. Mwana akatafuna zowerengeka akhoza kufa.

4. Cenjerani ndi mpama. Mitundu ina iri ndi ululu waukuru, umene ucoka pokhapo mutasenda, kuceka, kubviika masiku angapo m'madzi oyenda, ndi kuphika motaya madzi kawiri kawiri. Woyamba kumene asayese yekha nchito iyi popanda wamkuru amene anaicita kale.

5. Bowa ndiye aposa zonse kuopsa. Woipa saleka kuipa pomphika kapena pomuyanika. Mmodzi yekha aononga mphika wonse. Cotero yang'anani mmodzi mmodzi musanaphike, ndipo wokayikitsa mtayeni. Bowa wina woipa sadwalitsa msanga: munthu agona bwino, m'mawa mwace nayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, pambuyo pace aoneka ngati wacira, pamene ululu ulikudya ciwindi cace.

6. Penyani malo. Musathyole ndiwo pafupi ndi cimbudzi, kapena m'munda wa thonje ndi wa fodya mothiridwa mankhwala. Tsukani zonse ndi madzi oyera.

Wina akadwala atadya za kuthengo, musacedwe ndi kufunafuna amene wamlodza. Mnyamuleni tsiku lomwelo kunka naye ku cipatala, pamodzi ndi onse amene anadya naye mbale imodzi, angakhale asanamve kanthu. Tengani zotsala za cakudyaco kuti sing'anga akazione.

Cotsiriza ndi ici: polima, siyani misuku ndi miula, musaitenthe, ndipo nyengo ya ndiwo zambiri futsani mfutso, nimuusunge pouma. Mwini banja wocita zotere sadzatuma ana ace kukakumba mizu yacilendo caka ca njala.