PHUNZIRO LA MASO OSAONA PATALI: KUSEMA DISO KAPENA KUIKAMO MANDALA

Mwezi wathawu ndinalandira kalata ya mnyamata wa kwathu kuno ku Hewe, amene agwira nchito ku Johannesburg. Iyeyu wabvala mandala okhuthala kuyambira ubwana wace, ndipo akawabvula sazindikira nkhope ya munthu woima pakhomo. Anapita kwa dokotala wa maso kukapempha kuti amkonze ndi kuwala kwa makina kumene amati laser. Koma dokotala atamyesa anakana, namuuza za njira ina, ndiyo kuika mandala ang'ono m'kati mwa diso. Tsono makolo ace acita mantha, nafunsa, Kodi galasi likhala bwanji m'diso la munthu wamoyo? Funso lao ndi labwino, ndipo tiliyankhe pamodzi.

1. Cobvuta ciri pati?

Diso la munthu wamkuru litalika ngati mamilimita 24 kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo. Kutsogolo kuli kakhungu koyera mbee ngati madzi, dzina lace koniya; ndilo zenera la diso. Kuseri kwa mboni kuli kagalasi kacibadwa. Ziwirizi zipinda kuwala, kuti cithunzi cigwere bwino pa kakhungu ka kumbuyo, dzina lace retina. Koma diso likakula motalika koposa, ngakhale ndi milimita imodzi yokha, cithunzi cikumana cisanafike pa retina. Pamenepo munthu awerenga buku bwino lomwe, koma phiri, kapena zolemba pa bolodi, aziona ngati m'nkhungu. Si ufiti ai, si tsoka. Kawirikawiri ciyenda m'mtundu, ndipo cikula pamene mwana alikukula.

Mankhwala ace akale ndiwo mandala obvala. Makolo athu anawaona pamaso pa John Moir, wa kampani ya African Lakes imene inayamba m'caka ca 1878, nampatsa dzina lakuti Mandala. Ndipo dzinalo likhalabe ku Blantyre kufikira lero.

2. Njira yoyamba, kusema zenera

Laser isema koniya monga mmisiri asema mpini, kucotsa pang'ono pang'ono kuti zenera liphwathalale. Njira yodziwika koposa amati LASIK, imene Ioannis Pallikaris, dokotala wa ku Greece, anaicita pa anthu pozungulira caka ca 1990. Ndi nchito ya mphindi zocepa, ndipo ambiri aona bwino m'mawa mwace.

Koma taganizani ici: koniya ndi yopyapyala, ngati theka la milimita. Munthu amene maso ace ndi ofooka kwambiri afunika kusemedwa kwambiri, ndipo mpini wosemedwa kopitirira uthyoka. Cimene laser yacotsa sicibwezeka. Cifukwa cace dokotala wokhulupirika akaniza munthu wa koniya yopyapyala kapena yopindika, ndi iye amene maso ace auma kale, pakuti kusemako kuumitsa maso koposa. Ndico cifukwa cace anamkaniza mnyamata wathu uja. Sanamdule mwai, koma anamsunga.

3. Njira yaciwiri, mandala m'kati mwa diso

Nzeru iyi inayamba ndi Harold Ridley, dokotala wa ku London. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anaona oyendetsa ndege amene tizidutswa ta pulasitiki ya zenera la ndege tinawalowa m'maso. Ndipo anazizwa poona kuti diso silinakane tizidutswato. M'caka ca 1949, pa cipatala ca St Thomas, anayamba kuika kagalasi ka pulasitiki m'diso la munthu amene anamcotsa ng'ala. Anzace ambiri anamtsutsa zaka zambiri. Koma lero anthu mamiliyoni aona ndi tigalasi totere.

Kwa munthu wosaona patali acita mosiyana pang'ono. Sacotsa kagalasi kacibadwa, pakuti kali koyera; angoonjezapo kena. Kameneka amati ICL, kopangidwa ndi kampani ya STAAR Surgical; ndi kofewa, kopindika, kopyapyala ngati khoko la anyezi. Anayamba kukaika m'maso a anthu m'caka ca 1993, ndipo boma la America linakabvomereza m'caka ca 2005. Mtundu watsopano, wokhala ndi kaboo pakati kuti madzi a m'diso ayende, linaubvomereza m'caka ca 2022, kwa anthu a zaka 21 kufikira 45.

Dokotala adontheza mankhwala ocititsa dzanzi, naboola pambali pa koniya kakhomo ka mamilimita atatu, nalowetsa kagalasi kali kokulunga. Ndipo kafunyululuka kokha kuseri kwa mboni, patsogolo pa kagalasi kacibadwa. Nchito yonse siposa theka la ora pa diso limodzi. Munthu sakamva m'diso, ndipo womyang'ana sakaona. Ubwino wace ndi uwu: koniya ikhala yosasemedwa, kagalasi kathandiza ngakhale maso ofooka kwambiri amene laser siwatha, ndipo pakakhala cobvuta, dokotala akhoza kukaturutsa kapena kukasintha.

4. Ticenjere ndi ciani?

Tisanyengedwe ndi mau akuti njira iyi iribe coopsa. Laser igwira kunja kokha, koma apa diso litsegulidwa. Ndipo pamene patseguka pakhoza kulowa tizirombo, ngakhale izi zicitika kamodzikamodzi. Kagalasi kakacepa, kakhudza kacibadwa kaja, nikaitana ng'ala isanafike nthawi yace. Kakakula koposa, katseka njira ya madzi, ndipo diso lithina m'kati, cimene ciononga mtsempha wa kuona. Ena aona zizingo pozungulira nyali usiku. Cotero woikidwa kagalasi ayenera kuyesedwa caka ndi caka moyo wace wonse. Mtengo wace uposa wa laser, ndipo wa laser womwe ndi waukuru. Amene afuna kubwera kudzakhala kumudzi, kutali ndi dokotala wace, awerengeretu ulendowo asanabvomere.

Dziwaninso ici: njira zonse ziwiri sizifupikitsa diso. Diso lotalika likhalabe lotalika, ndipo retina yace ikhoza kung'ambika. Munthu wotere akaona zong'anima ngati mphezi, kapena mthunzi wotsika ngati nsaru, athamangire ku cipatala tsiku lomwelo. Ndipo akapitirira zaka 40, mandala owerengera adzawafunabe monga ife tonse.

5. Nanga ife a kumidzi?

Kwa makolo a mnyamata uja nditi, Musaope. Galasi m'diso si cinthu cacilendo. Okalamba ambiri a m'dziko lathu lino ali nako kale kagalasi ka Ridley, pakuti pocotsa ng'ala ku cipatala cacikuru ca Mzuzu, ku Nkhoma, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, aikamo kagalasi m'malo mwa kamene kacita mtambo. Mwana wanu afunse dokotala wace mafunso onse, osafulumira. Ndipo akasankha kukhalabe ndi mandala ace obvala, sanataye kanthu, pakuti iwowo alibe coopsa ciri conse.

Koma cobvuta cathu ceniceni ciri pafupi. M'sukulu zathu muli ana okhala kumbuyo, otsinzinira poyang'ana bolodi, amene tiwayesa aulesi ndi opusa, kufikira aleka sukulu. Pamene cosowa cao ndi mandala cabe. Pakhomo pali agogo okhala mumdima cifukwa ca ng'ala, amene akadaona ndi opaleshoni ya tsiku limodzi. Yambani pa cipatala ca Katowo, akulembereni kalata ya ku Rumphi kapena ku Mzuzu. Ndipo musadonthezere m'maso madzi a masamba kapena a mizu, pakuti cipsera ca pa koniya sicicoka ndi mandala.

Mafunso

1. Cifukwa ninji munthu wa diso lotalika saona patali?
2. Ndani amene dokotala amkaniza laser?
3. Chulani zoopsa ziwiri za kagalasi koikidwa m'diso.
4. Kodi m'mudzi mwanu muli mwana wotsinzinira poyang'ana kutali? Mudzamperekeza liti kukayesedwa?