Kakhalidwe koyenera m'nyumba za alendo za pa phiri la Mulanje kumapeto kwa dzinja

Pamwamba pa phiri la Mulanje pali nyumba zogona alendo pafupifupi khumi, zotalikirana ulendo wa maola angapo wapansi. Zodziwika kwambiri ndi Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani, Chinzama, Madzeka ndi Minunu, zomwe zili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, komanso ina ya mpingo wa CCAP ku Lichenya. Galimoto sifikako ndipo golosale kulibe. Nyumba iliyonse ili ndi mlonda wake amene amatunga madzi, kutema nkhuni ndi kusamala pamalopo, koma chakudya, zofunda ndi zounikira mlendo amabwera nazo yekha.

Mu Febuluwale ndi Malichi dzinja limakhala likupita kumapeto, koma kuphiri mvula imakhala ikadali ndi mphamvu. Mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya India imadutsa dziko la Mozambique n'kudzagunda phirili, ndipo ikamakwera imazizira n'kusanduka mitambo. N'chifukwa chake mbali ya kumwera ndi kum'mawa, komwe kuli minda ya tiyi, imagwa mvula yambiri kuposa ya ku Phalombe. Pamamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Nyumba zambiri zili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, choncho amene wanyamuka ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, akutuluka thukuta amafika madzulo akufuna juzi ndi moto.

Ulendo wabwino umayambira pa ofesi ya zankhalango, ku Likhubula kapena ku Fort Lister. Apo mlendo amalembetsa dzina, kulipira, kunena nyumba zimene adzagonemo ndi tsiku lotsika, ndipo amapeza womulondolera njira pamodzi ndi onyamula katundu. Kulembetsako si mwambo chabe: munthu akapanda kutsika pa tsiku lake, ofunafuna amadziwa poyambira. Asananyamuke ndi bwino kumvera zimene a nthambi yoona zanyengo alengeza. Akachenjeza za namondwe, ulendo ulekeke. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nthaka ndi miyala m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, midzi n'kukokoloka, ndipo akuluakulu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu Malichi 1991. Ngozi zonse ziwirizi zinagwa m'mwezi womwewu, nthaka itakhuta kale madzi a dzinja lonse.

Tsiku la kuphiri nyengo ino limalamulidwa ndi m'mawa. Nthawi zambiri kumacha bwino, nsonga zonse zili poyera, koma dzuwa likamakwera mitambo imayamba kutuluka m'zigwa, ndipo masana kapena chakumadzulo mvula ya mabingu imagwa. Woyenda wanzeru amadzuka kusanache, kumwa phala ndi tiyi, n'kunyamuka kukangoyera kuti masana amupeze atafika pa nyumba yotsatira. Wokonda kugonereza amayenda ndi mvula njira yonse. Pamakhalanso masiku a mvumbi, pamene mvula imangowaza osaleka ndipo chifunga chimaphimba ngakhale chimbudzi chomwe chili kuseri kwa nyumba. Tsiku lotero ndi lokhala pakhonde. N'chifukwa chake ufa, mpunga, usipa, mtedza ndi shuga ziyenera kukhala zopitirira ndi tsiku limodzi kapena awiri pa masiku amene anakonzedwa.

Choopsa kwambiri nyengo ino ndi mitsinje. Likhubula, Ruo, Lichenya ndi Thuchila imayambira pamwamba pomwepo, pa matanthwe osamwa madzi, motero mvula ikagwa kumtunda kamtsinje kowoloka podumpha miyala kamadzaza m'kanthawi kochepa, ngakhale pamalopo pasanagwe dontho. Madzi akasanduka ofiira, akamalira mwaukali kapena kubwera ndi zinyalala, munthu asawoloke. Ubwino wake ndi wakuti mitsinje ya m'phiri imaphwera msanga monga momwe imadzazira. Kudikira maola angapo kutsidya lino kumapulumutsa moyo. Powoloka madzi oyenera, nsapato zisavulidwe, malamba a chikwama amasulidwe kuti chitayike mosavuta munthu akagwa, ndipo ndodo igwire kumtunda kwa madzi. Kusambira m'maiwe monga Dziwe la Nkhalamba kudikire chilimwe.

Chifunga chikatsika munthu ali panjira, gulu lonse liime pamodzi ndi kumvera wolondolera njira. Iye akanena kuti lero ku Sapitwa sikukwereka, nkhani yathera pomwepo. Nsonga imeneyi, yotalika mamita 3,002, ndi yayitali kuposa zonse m'Malawi, ndipo njira yake yochokera ku Chisepo imadutsa pa matanthwe otsetsereka omwe akanyowa amaterera ngati sopo. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitirira yekha, ndipo anapezeka atamwalira ndi kuzizira. Mabingu nawonso ali ndi muyeso wake: masekondi atatu pakati pa kung'anima ndi kugunda ndiye kuti mphenzi yagwa pamtunda wa kilomita imodzi. Zikafika apo munthu achoke pamsonga ndi pansi pa mtengo woima pawokha.

Pofika pa nyumba, choyamba ndi kupereka moni kwa mlonda ndi kumulola kuti atsekule ndi kusonkha moto. Kenaka zovala zonyowa zivulidwe msanga. Kuzizira kopha munthu sikudikira mwezi wa Juni. Chovala chonyowa, mphepo ndi njala zikakumana, thupi limazizira ngakhale m'dzinja. Amene akunjenjemera kosaleka, kulankhula zosamveka kapena kudzandira avekedwe zouma, afunditsidwe, apatsidwe tiyi wotentha wa shuga, osati mowa. Zovala zogonera, machesi, tochi ndi foni zimasungidwa m'majumbo omanga bwino mkati mwa chikwama. Nsapato ziumikidwe chapatali ndi moto kuti zisasweke. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka, popeza mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Nkhuni zouma zimasowa nyengo ino, ndipo mlonda amazitenga kutali, choncho moto ukhale wophikira ndi kuwotha pang'ono basi. Mkungudza, mtengo wa dziko lino umene kwawo kwenikweni ndi phiri lomweli, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto wolusa. Mbande zake zobzalidwa pafupi ndi nyumbazi zisapondedwe. Madzi akumwa atungidwe kumtunda kwa posambira, ndipo sopo ndi zotsukira mbale zitayidwe kutali ndi mtsinje, chifukwa madzi omwewo amamwedwa m'midzi ya m'munsi. Kwa anthu ozungulira, phirili ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chimenechi. Phokoso ndi mawu achipongwe n'zosayenera kumeneko.

Tsiku lochoka, alendo amasesa m'nyumba, kutsuka miphika, kuzimitsa moto ndi kulongedza zitini, mabotolo ndi mapulasitiki onse kuti atsike nawo. Mlonda amathokozedwa ndi kangachepe, ndipo chakudya chotsala chimasiyidwa m'manja mwake. Amauzidwanso kumene gulu likulowera. Kutsika pa njira yonyowa kumafuna nthawi yochuluka kuposa m'chilimwe, ndipo akafika pansi alendowo amakadziwitsa a ofesi ya zankhalango kuti onse atsika.